Kabudula Wopalasira Njinga Akamatha Mbali Imodzi

Lero tilankhule nanu opalasa njinga, kaya a mpikisano, kaya a kabaza. Mwaona kabudula wanu akubooka ntchafu imodzi, ina ili bwinobwino? Musafulumire kunena kuti nsalu ndi yachabechabe. Nthawi zambiri vuto limakhala pa chishalo.

Choyamba, imani kumbuyo kwa njinga, muyang'ane mphuno ya chishalo. Ikapotokera kumanja ngakhale pang'ono, ntchafu ya kumanja imakwecha pamenepo nthawi iliyonse mukapalasa. Masulani bawuti, muwongole chishalo, mumangenso.

Chachiwiri, chishalo chikakwera kwambiri, chiuno chimagwedera uku ndi uku pofuna kufikira pedulo. Khalani pa chishalo, muike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke popanda chiuno kupendeka. Chikapendeka, tsitsani chishalo pang'ono.

Chachitatu, yendetsani chala m'mbali mwa chishalo. Chikopa chong'ambika, msomali wotuluka, kapena lamba wa kachikwama komangirira pansi pa chishalo, zimadya nsalu mwakachetechete ngati njenjete.

Ena mwendo umodzi ndi wofupikirapo, ndiye amakhala chopendekera osadziwa. Pemphani mnzanu akutsatireni pambuyo, aone mmene mumakhalira. Ngati bondo kapena msana ukupwetekanso mbali yomweyo, kaonaneni ndi achipatala.

Pomaliza, kabudula wa nsalu ya Lycra chapani ndi manja m'madzi ozizira, osamukwecha pamwala, ndipo muyanike pamthunzi.

Konzani chishalo musanagule kabudula wina, apo ayi watsopanoyo adzabookanso pomwepo. Yendani bwino pamsewu.