Kulongedza njoka yamoyo ya paulendo

Nkhani ya leroyi ena ndithu iwanyansa, ndikudziwa. Kwathu kuno njoka ikangoti tulukiru, chimene chimamveka ndi "Bwera ndi ndodo!" Koma kunjaku kuli anthu amene amaweta njoka monga momwe ife timawetera nkhunda, amagulitsana n'kumatumizirana pandege kapena pagalimoto. Ku Germany, mumzinda wa Hamm, kumachitika msika waukulu wa njoka ndi abuluzi wotchedwa Terraristika. Ku Ghana, Togo ndi Benin kumachoka tinsato zikwizikwi chaka ndi chaka, tija amati ball python chifukwa tikachita mantha timadzikulunga ngati mpira, mutu n'kubisa pakati. Abale athu ena ku South Africa ali pantchito m'masitolo a ziweto ndi m'makomo mwa oweta njoka, kumene bwana amatha kungoti, "Longedza iyi, mawa ikupita ku Cape Town." Ntchito imeneyi ndinaigwirapo, choncho zimene ndikambe pano manja angawa anazichita.

Musanakhudze katoni, funsani mapepala. Nsato zamitundu yonse zili pamndandanda wa pangano la CITES, lomwe maiko anasainirana ku Washington mu 1973, ndipo siziwoloka malire popanda chilolezo. M'kati mwa South Africa momwemo chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake pa zokwawa. Kuno ku Malawi nkhani zimenezi ndi za a Dipatimenti yoona za Nyama Zakutchire, ndipo nsato yogwira kudambo si chiweto chanu ayi. Bwana akati mapepala abwera pambuyo, kumbukirani kuti wogwidwa ndi katoni m'manja ndinu.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa zina zonse zikuchokera pamenepa. Njoka sifa ndi njala paulendo, ndipo mdima imaukonda. Chimene chimaipha ndi kutentha. Inu ndi ine thupi limadzitenthetsa lokha, kukatentha timatuluka thukuta. Njoka ilibe zimenezo. Ikazizidwa imakwawira pamwala kukawothera dzuwa, ikatenthedwa imalowa kuuna. Mukaitsekera m'katoni mwailanda mwala ndi una womwe, ndiye katoniyo agwire ntchito ya zonse ziwiri. M'katimo muzikhala mofunda bwino, pakati pa madigiri 21 ndi 29. Kuzizira pang'ono imapirira, imangofooka. Koma katoni woiwalika padzuwa, kapena m'galimoto yotseka mawindo masana, mphindi zochepa chabe mwataya chiweto.

Kukonzekera kumayamba sabata yathunthu ulendo usanafike: lekani kuidyetsa. Njoka imameza mbewa yathunthu, ndipo kuti igayike pamafunika masiku angapo ili phee pamalo ofunda. Mukainyamula mbewa ikadali m'mimba, kugwedezeka ndi kuzizira kumaisanzitsa, ndiye iyende usiku wonse itagona pamasanzi. Madzi okha ipatseni mpaka tsiku lonyamuka. Ngati maso ake achita mbuu ngati mkaka, ili pafupi kufundula, idikireni ifundule. Yodwala kapena ya mazira m'mimba isayende.

Tifike pa thumba, pamene ambiri amalakwitsa. Likhale la nsalu yolimba koma yopita mpweya. Chovala cha pilo chimagwira ntchito, bola chikhale chosang'ambika. Litembenuzeni, msoko ukhale kunja. Chifukwa chake n'chakuti m'mbali mwa msoko mumalendewera timaulusi, ndipo njoka pofufuza potulukira imadzikulunga nato m'khosi kapena kumchira mpaka magazi kuleka kuyenda. Mukatero likwezeni thumbalo moyang'ana kuwala, pisani dzanja, kankhani ngodya zonse ziwiri ndi chala mwamphamvu. Njoka imalimbana ndi pangodya, imakanikiza ndi mphuno usiku wonse osatopa, ndipo kabowo kolowa nsonga ya pensulo mawa kamakhala khomo. Ine ngodyazo ndinkazisoka modutsa kuti pasakhale posongoka.

Ikani timapepala tofewa pang'ono m'thumbamo toyamwa zonyowa, ndiye lowetsani njoka, mutu patsogolo. Musanamange, gwirani pakamwa pa thumba ndi dzanja limodzi, linalo litsetserekere pansi mukufinya nsalu, mpaka mutamva ndithu kuti njoka yonse ili pansi. Ndanena yonse, ndi mchira womwe. Potozani khosi la thumbalo, lipindeni pawiri, ndiye mangani zolimba ndi chingwe kapena cable tie. Tiana tanjoka tokha timayenda bwino m'kabakuli kapulasitiki kovundikira kokhala ndi timabowo m'mbali. Timabowoto muboole kuchokera m'kati kupita kunja kuti zokakala zisakande khungu, ndipo chivundikiro muchimate ndi selotepi. Njoka iliyonse thumba lakelake, pakuti zina zimadyana.

Katoni akhale watsopano, wolimba, osati wotola kuseri kwa golosale. M'kati mwake yalani styrofoam mbali zonse, pansi ndi pamwamba pomwe, zoyera zopepuka zija zimatchinjiriza TV yatsopano. Pansi ikani nyuzipepala zofwanyafwanya, pakati khazikani thumba lija, m'mbali ndi pamwamba dzazaninso nyuzipepala. Mukatseka, mugwedezeni katoniyo pang'ono pafupi ndi khutu. Mukamva chinthu chikuti khutchukhutchu, tsegulani muwonjezere mapepala. Onyamula katundu amaponya, ngakhale mulembe chotani. Boolani timabowo tiwiri kapena tinayi ndi nsonga ya sikuludiraiva. Ambiri amaboola ngati sefa poopa kuti njoka ibanika, koma njoka imapuma pang'onopang'ono, ndipo mabowo ochuluka amangolowetsa mphepo.

M'nyengo yozizira mumafunika heat pack. Ku Johannesburg usiku wa mu Juni ndi Julaye kumazizira mpaka madzi kuundana. Heat pack ndi kathumba kokhala ndi ufa wachitsulo, umene ukakumana ndi mpweya umachita dzimbiri n'kumatulutsa kutentha. Gulani ka maola 40 kopangira kutumiza nyama. Tija totenthetsa manja timapsa kwambiri n'kuzima msanga, tisiyeni. Kamateni kunsi kwa chivundikiro, mbali ya timabowo iyang'ane m'kati, ndipo pakati pa iko ndi njoka pakhale nyuzipepala zokwanira. Apa ndili ndi chilonda. Tsiku lina ndikuthamangira nthawi ndinamata kathumbako ndi kaselotepi kamodzi kokha. Panjira kanamatuka n'kugwera pathumba la kanjoka kofiira, corn snake, kamene ndinakalera kuyambira kali kongoswa. Wogula anatitumizira chithunzi m'mawa mwake: kali moyo, koma mbali imodzi khungu litapsa, lachita matuza. Kanalibe kothawira. Kuyambira pamenepo ndinkamata mbali zinayi, n'kukoka ndi dzanja kuti ndione.

Tsiku lotumiza lisankheni mwanzeru. Lolemba, Lachiwiri kapena Lachitatu, ulendo wa usiku umodzi. Katoni wa Lachisanu akachedwa amagona m'nyumba yosungira katundu mpaka Lolemba. Onani zanyengo za kumene mukuchokera ndi kumene akupita, ndipo kukakhala kotentha kwambiri kapena kozizira kwambiri, dikirani. Wolandira akhale atadziwa ola lake.

Kunja kwa katoni lembani zoona. Mawu akuti Live Animals aoneke patali, mivi yosonyeza kumwamba, dzina la mtundu wa njoka, chiwerengero chake, ndi nambala za foni ziwiri. Makampani a ndege amatsatira buku la malamulo a IATA onyamulira nyama zamoyo, ndipo woyendetsa ndege amauzidwa kuti kunsi kuli zamoyo kuti chipinda cha katundu chisazizire. Si kampani iliyonse yonyamula katundu imalola njoka. Ku America positi ya boma imakana kotheratu. Funsani musanapite, ndipo musanamize kuti ndi nsapato. Za njoka zaululu, monga mphiri ndi mamba, ndingoti si ntchito yophunzirira pawailesi. Zimenezo zimafuna matumba awiri, bokosi lamatabwa lokhoma ndi masikuluwu, chizindikiro cha poizoni, ndi munthu wophunzitsidwa.

Ndipo inu a ku Joni, musayerekeze kupatsira njoka amabasi kapena amatiransipota obweretsa katundu kumudzi. Ulendo wa ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza ndi wa masiku, ndi mizere ya pachipata, ndipo ku Tete dzuwa limapitirira madigiri 40. Komanso taganizani za mayi amene wakhala pampando, katoni wanu ali kumapazi kwake.

Katoni akafika, musatsegulire panja. Lowani m'chipinda, tsekani chitseko, tchingani kunsi kwake ndi nsalu. Jambulani ndi foni pamene mukutsegula, ndiwo umboni wanu zikavuta. Mukapeza njokayo ili yozizira, yolobodoka ngati chingwe, musafulumire kuti yafa, ndipo musaiyike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Ifunde pang'onopang'ono ndi mpweya wa m'chipindamo. Ikani madzi m'kambale ndi pobisala, ikhale payokha kutali ndi njoka zina kwa mwezi kapena kuposerapo, mukuyang'ana ngati ili ndi tinthata takuda toyenda m'mphepete mwa maso ndi pansi pa chibwano. Mbewa yoyamba muipatse pakatha sabata.