Emulsion: Mankhwala Opaka pa Sikirini Posindikiza Matisheti

Pa Boma pa Ntcheu, ku Lizulu ndi ku Kampepuza, sukulu, makwaya ndi matimu a mpira amafuna matisheti olembedwa mayina awo. Maoda amachulukanso mwambo wa Umhlangano wa Angoni a Maseko ukayandikira ku Nkolimbo. Kudula zilembo ndi lezala kumachedwetsa ntchito. Koma emulsion imatulutsa ngakhale timizere ting'onoting'ono ta pa baji ya sukulu.

Emulsion n'chiyani?

Ndi mankhwala onga phala opaka pa nsalu ya sikirini. Pomwe pawala dzuwa amapsa, ndiye kuti amalimba gwa. Pomwe paphimbika ndi chithunzi chakuda amachoka ndi madzi, ndipo inki imadutsa pamenepo.

Mugule iti?

- Diazo: ndi yotsikirapo mtengo, yoyenera ongoyamba kumene. Mumathiramo nokha mankhwala a m'kabotolo kake. Mukasakaniza, imatha mphamvu pakapita masabata 4 mpaka 6.
- SBQ: imabwera yosakaniza kale, imapsa msanga, ndipo imasungika pafupifupi chaka.
- Dual-cure: imaphatikiza mitundu iwiriyi, ndipo imatulutsa bwino timizere.

Ngati inki yanu ndi yamadzi, uzani wogulitsa kuti mukufuna emulsion yosasungunuka ndi madzi. Pa matisheti, nsalu ya sikirini ya 43T ndiyo yodziwika.

Kagwiritsidwe kake

1. Tsukani sikirini kuti mafuta achoke, kenako iume.
2. Valani magolovesi. Pakani mopyapyala m'chipinda chamdima, kapena choyatsa getsi lachikasu. Yambani mbali yokhudza tisheti, mutsirize m'kati.
3. Gonekani sikirini pa timatabwa mumdima, mbali ya tisheti ili pansi. M'nyengo ya mvula ndi ya chifunga imachedwa kuuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
4. Ikani chithunzi, tsindirani ndi galasi, tulutsani padzuwa. Yesani kaye pa kachigawo nthawi zosiyanasiyana, chifukwa dzuwa la mu Juni silifanana ndi la mu Okutobala.
5. Tsukani mumthunzi ndi madzi ozizira.

Zikavuta

Emulsion ikaterera n'kumachoka yonse, siinapse. Zilembo zikakana kutseguka, yapsa kwambiri, kapena chithunzi sichinali chakuda mokwanira.

Sungani chitini cha emulsion chotseka bwino pamalo ozizira, patali ndi ana, makamaka inu a kuchigwa cha Bwanje komwe kumatentha. Lembani pachitinipo tsiku losakaniza, ndipo gulani yokwanira ntchito imene muli nayo.