Kodi Buku la m'Makina ndi la Yani?

Ife ana a sukulu tidziwa bwino m'mene buku limayendera. Wina agula, nalemba dzina lace pa tsamba loyamba, nawerenga. Akatha apatsa mnzace, mnzaceyo apatsa wa m'kalasi lina, ndipo pofika kumapeto a caka bukulo libwerera kwa mwini wace cikuto citathothoka, masamba atada ndi manja. Mwiniyo angathe kuligulitsa, kulisiyira mng'ono wace, kapena kulisunga m'bokosi kufikira atakalamba. Wa sitolo amene anamgulitsa alibenso nalo kanthu. Sangabwere usiku kudzalitenga pansi pa pilo. Zimenezi tinazizolowera kotero kuti sitiziganizira konse. M'phunziro lino tifuna kuona ngati ziri comweco ndi mabuku amene anthu awerenga pa makina masiku ano.

Poyamba tiwadziwe makinawo. Ochuka koposa ndi a Kindle, amene kampani ya Amazon ya ku America inayamba kugulitsa mu November 2007. Ndi kanthu kopyapyala konga sileti, koma m'kati mwace mulowa mabuku zikwi. Galasi lace siliri ngati la foni. Pansi pace pali timatumba tating'onoting'ono tosawerengeka, ndipo m'kathumba kali konse muli timadontho toyera ndi takuda. Mphamvu ya magetsi ikafika, takuda tikwera pamwamba pamene pafunika cilembo, toyera tikwera pamene pafunika pepala. Zilembo zikaoneka zikhala comweco popanda kudyanso moto, ndico cifukwa cace batire lace litha masabata lisanafe. Munthu awerenga ngakhale padzuwa, ndipo wa maso ofooka angathe kukuza zilembo. Tisaname, ndi cipangizo cabwino ndithu. Ali yense wa ife amene ananyamulapo bokosi la mabuku popita ku chuthi angacikhumbire.

Tsono imvani zimene zinacitika mu July 2009. Anthu ena a ku America amene anagula mabuku awiri a George Orwell, "Animal Farm" ndi "1984", anatsegula makina ao napeza kuti mabukuwo mulibe. Sinali mbala ai. Eni sitolo ndiwo anawacotsa, ali kutali, kudzera pa intaneti, osapempha munthu. Cifukwa cinalipo: kampani ina imene inaika mabukuwo mu sitolo ya Amazon inalibe ufulu wowagulitsa, ndipo eni ufuluwo anadandaula. Ndalama za ogula zinabwezedwa. Komabe anthu anakwiya kwambiri, ndipo ena anaseka, pakuti nkhani ya m'buku la "1984", lofalitsidwa mu 1949, ndi ya boma limene limaononga zolembedwa zonse zimene silizifuna kuti anthu aiwale zakale. Mkulu wa kampaniyo, Jeff Bezos, anapepesa poyera nabvomera kuti anacita copusa.

Mmodzi wa olandidwawo anali mnzathu, mnyamata wa zaka 17 wa sukulu ya sekondale ku Michigan. Iye anali kuwerenga "1984" monga nchito imene aphunzitsi anampatsa, ndipo powerenga anali kulemba maganizo ace m'makina momwemo, pambali pa ndime zimene zinamkhudza. Buku litacoka, zolemba zacezo zinatsala, koma zinalibenso nchito, cifukwa ndime zimene zinali kulozako panalibe. Taganizani inu mutalemba m'mbali mwa masamba kwa masabata angapo, ndipo wina acotsa masambawo nakusiyirani m'mbali mokha. Mnyamatayo anapita ku bwalo la milandu. Mlandu unatha pogwirizana caka comweco: kampani inalipira madola 150,000, nilonjeza kuti sidzacotsanso mabuku m'makina a anthu kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga bwalo la milandu likalamula.

Kodi zinatheka bwanji kulanda munthu cinthu cimene anagula? Yankho lace ndilo mtima wa phunziro lathu. Pogula buku la pepala mugula cinthu ceniceni. Pogula buku la m'makina ku masitolo akuluwa, cimene mugula ndi cilolezo coliwerenga. Zimenezi zalembedwa m'pangano lalitali limene wogula abvomera podina batani, ndipo ambiri saliwerenga. Pamwamba pa panganolo mabuku ambiri amaikidwa loko wosaoneka, amene alola kuti buku litseguke pa makina a wogula yekha. Kunena kwathu kuno, ziri ngati munda wobwereka: mulima, mukolola, mudya, koma simungaugulitse kapena kusiyira mwana wanu, ndipo mwini munda akasintha maganizo mulibe ponena.

Wina anganene kuti zimenezi zinacitika kamodzi kokha. Si comweco. Mu 2019 kampani ya Microsoft inatseka sitolo yace ya mabuku otere, ndipo mu July caka cimeneco mabuku amene anthu anagula kumeneko analeka kutseguka. Ndalama zinabwezedwa, ndipo amene analembamo maganizo ao anaonjezeredwa madola 25. Mtengo wa maganizo a munthu ndi umenewo kodi? Ku California anafika pokhazikitsa lamulo, loyamba kugwira nchito mu 2025, lakuti wogulitsa asagwiritse nchito mau akuti "kugula" popanda kuuza wogula momveka kuti cimene alandira ndi cilolezo cabe.

Bvutoli likula tikafika ku laibulale. Laibulale ikagula buku la pepala ilibwereketsa kufikira litang'ambika, ndipo likang'ambika alisoka. Koma mu 2011 osindikiza mabuku a HarperCollins analamula kuti buku lao la m'makina likabwerekedwa ka 26 cilolezo cithe, laibulale igulenso. Iwo anati buku la pepala limatha, pamene la m'makina silitha, cotero olemba ndi osindikiza angataye malonda. Mau amenewa ali ndi nzeru yace, pakuti wolemba nayenso adya. Koma oyang'anira malaibulale ambiri anatsutsa, nanena kuti ali ndi mabuku a pepala amene anabwerekedwa kambirimbiri kuposa pamenepo ndipo akali olimba.

Ife sitifunika kupita kutali kuti tione phindu la buku limene liribe wowerengera. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, analeka sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 cifukwa makolo ace analibe ndalama za fizi. M'laibulale yaing'ono ya kwao anapeza buku la ana a sukulu a ku America lochedwa "Using Energy", lokhala ndi cithunzi ca makina oyendera mphepo pa cikuto. Cingerezi cinali kumbvuta, koma anatsata zithunzi, namanga makina ace ndi zitsulo zotayidwa, nayatsa magetsi m'nyumba ya kwao. Buku limenelo linafika ku Wimbe cifukwa buku la pepala lingathe kuperekedwa kwa wina, ndipo wopatsidwayo angathe kubwereketsa ali yense.

Sitikunena kuti mabuku onse a m'makina ali ndi loko. Mu 1971 Michael Hart anayamba nchito yochedwa Project Gutenberg, yolemba mabuku akale m'kompyuta kuti ali yense awatenge ulere, ndipo lero alipo oposa 70,000, kuphatikizapo masewero a Shakespeare amene atibvuta m'kalasi. Amenewa mukawatenga ndi anu; mungathe kuwasunga ndi kupatsa mnzanu, ndipo safuna Kindle, foni wamba ikwanira. Kumene kulibe laibulale, ici si cinthu cacing'ono. (Za mabuku atsopano amene amayenda pa WhatsApp mwini wace osadziwa, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo wolakwiridwa pamenepo ndi wolemba.)

Amene ali ndi buku m'foni angathe kuyesa yekha pa chuthi cikudzaci. Afune njira yolitumizira kwa mnzace. Likatseguka pa foni ya mnzaceyo, liribe loko. Likakana, kapena njirayo ikasowa, adziwe kuti ali m'munda wobwereka. Ine, ciwerengere nkhani ya mnyamata wa ku Michigan, maganizo anga pa buku liri lonse ndilemba m'kope ndi pensulo, pamodzi ndi dzina la buku ndi nambala ya mutu.