Kuyesa Malangizo a Zida za AI Zisanayambe Ntchito m'Mafakitale a ku Kafue

Ku Kafue, makilomita oposa 40 kumwera kwa Lusaka, ntchito ya m'fakitale imayendera manambala. Ku Nitrogen Chemicals of Zambia, komwe fetereza anayamba kupangidwa mu 1970, amawerenga matumba a D Compound. Ku UMCIL, kampani ya gulu la Trade Kings, amawerenga matani a zitsulo zomangira.

Masiku ano kuli mapulogalamu a AI otchedwa ma agent, omwe angathe kufufuza katundu wotsala, kulemba oda ndi kutumiza uthenga paokha. Koma agent salowa m'nyumba yosungiramo katundu. Chida chilichonse chimene wapatsidwa amachidziwira pa mawu ochifotokoza basi. Mu Model Context Protocol, njira imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024, chida chimakhala ndi dzina, mafotokozedwe ndi mndandanda wa zinthu zofunika kuti chigwire ntchito. Mawuwo akalembedwa mwachisawawa, oda imapita yolakwika. Woyang'anira ntchito ayenera kuwayesa m'njira zisanu izi.

Choyamba, apereke malangizowo kwa kalaliki amene wangolembedwa kumene ntchito, awerenge popanda womuthandiza. Kalalikiyo akafunsa kuti, "Bwana, apa akutanthauza chiyani?" ndiye kuti pamenepo pali vuto. Munthu amafunsa, koma agent nthawi zambiri amangoganizira n'kupitiriza.

Chachiwiri, aone mayina. Zida ziwiri zikamatchedwa "fufuza" ndi "pezani", agent adzazisokoneza. Dzina linene ntchito yake, monga kufufuza fetereza wotsala, ndipo mafotokozedwe anenenso nthawi imene chidacho sichiyenera kugwiritsidwa ntchito.

Chachitatu, ndipo apa m'pofunika kudekha, alondole miyezo yonse umodziumodzi. Malo olembapo "kuchuluka" akufuna matumba a makilogalamu 50 kapena matani? Matumba 20 ndi tani imodzi, choncho oda ya "20" ingakhale katundu wokwana m'kagalimoto kapena wodzaza lole. Zitsulo nazo zili ndi Y10, Y12 ndi Y16, ndipo malangizo atchule masaizi onse ololedwa. Mawu oti "kwacha" paokha sakwanira kwa kampani yogulitsa katundu mpaka ku Chipata ndi ku Mchinji, chifukwa kwacha ya Zambia ndi ZMW pomwe ya Malawi ndi MWK. Mabuku akale alinso ndi msampha wake: mu Januwale 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake, kotero mitengo yolembedwa chakacho chisanafike iyenera kudziwika kuti ndi ya kwacha yakale. Deti lolembedwa 03/04 lifotokozedwe ngati ndi 3 Epulo kapena 4 Malichi. Kusokoneza miyezo kunatayitsa bungwe la NASA chombo cha Mars Climate Orbiter mu 1999, pamene pulogalamu ina inapereka manambala m'miyezo ya mapaundi pomwe ina inkayembekezera miyezo ya metric.

Chachinayi, afunse zimene chidacho chimayankha zinthu zikavuta. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi ku damu la Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri m'dziko lonse la Zambia. Kompyuta yosunga mabuku ikazima, chida chisayankhe kuti katundu ndi 0, chinene kuti sichinathe kuwerenga. Malangizo abwino amalemba mauthenga onse a zolakwika ndi zoyenera kuchita pa uthenga uliwonse: kudikira, kuyesanso kapena kuitana munthu. Alekanitsenso zida zongowerenga ndi zida zosintha mabuku, kulipira ndalama kapena kufufuta.

Chachisanu, ayese ndi ntchito zenizeni. Atenge maoda akale omwe mayankho ake ndi odziwika, awapereke kwa agent pa kope la mabuku, osati pa mabuku enieni. Aikemo ndi zovuta dala, monga saizi yomwe kulibe kapena oda yopanda deti. Kenako alembe ngati agent anasankha chida choyenera, ngati anaika manambala olondola, ndiponso ngati anafunsa pamene panali posamveka. Pomwe walakwitsa, akonze mawuwo n'kubwereza mayeso onse, chifukwa kukonza chiganizo chimodzi kumatha kusokoneza china.

Chida chomwe malangizo ake alephera pa miyezo kapena pa mauthenga a zolakwika chisaloledwe kulemba oda kapena kutulutsa ndalama mpaka kalaliki ndi katswiri wa kompyuta atawakonza pamodzi.