Batire Likatha Galimoto Ili Yokiya: Dziwani za Kabokosi Kojampira

Kwa eni galimoto, madalaivala ndi amakaniko a ku Malindi ndi midzi yonse ya m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira

Galimoto zambiri zimene zikubwera kuchokera ku Japan masiku ano zimatsegulidwa ndi rimoti, zina zimalira pongodina batani. Zonsezi zimadalira batire. Batirelo likatha, zitseko sizitseguka, boneti simungaifikire, pomwe batire lofunika kujampalo lili mkati momwemo. Apa m'pamene ena amathamangira mwala kuti aswe galasi, ena n'kumakanula boneti ndi chitsulo. Musatero. Njira yolowera ilipo, ndipo chida chodzutsira galimotoyo n'chaching'ono moti chimakwana m'chikwama.

Chidachi ndi kabokosi kojampira, kamene m'masitolo amakatcha jump starter. Mkati mwake muli batire la mtundu wa m'mafoni koma lamphamvu kwambiri, ndipo kamabwera ndi zopanira ziwiri, chofiira ndi chakuda. Kamatchajidwa ndi chingwe cha USB, choncho ngakhale sola ya panyumba imakwanira. Ubwino wake ngwoti simudikira galimoto ina. Kuchoka pa Malindi kukafika ku Mangochi boma ndi makilomita pafupifupi 20, kuwolokanso mlatho wa Bakili Muluzi. Ngati mwanyamula chambo chachiwisi, kapena muli ndi wodwala wofunika kuthamangira naye ku chipatala cha St Martin's usiku, nthawi yodikira makaniko wa kutauni mulibe. Kumbukiraninso kuti galimoto ya otomatiki silira ndi kukankha, ngakhale anyamata akankhe mpaka thukuta kamukamu.

Poyamba lowani m'galimoto

Tembenuzani rimoti yanu. Pambali kapena kumbuyo kwake pali kabatani kakang'ono kosuntha. Mukakasuntha ndi chikhadabo, mumasolola kiyi wachitsulo wopyapyala amene anabisidwa mkatimo. Ameneyu amatsegula chitseko cha dalaivala popanda magetsi. Pa galimoto zina bowo la kiyi silioneka chifukwa linaphimbidwa ndi kapulasitiki pa chogwirira chitseko. Suzumirani kunsi kwake, muona kampata kolowetsa nsonga ya kiyi, ndipo kapulasitikiko kamachoka mukakatukula pang'onopang'ono.

Loko amene watha zaka osalowamo kiyi amauma ndi fumbi. Akakana, thiranimo mafuta opopera ofewetsa dzimbiri, gwedezani kiyi mofatsa, osakakamiza, chifukwa akathyokera mkati ntchito yakula.

Musanaweruze batire la galimoto, yesani kuyatsa nyali zakutsogolo. Zikamawala bwino, mwina chatha ndi kabatire ka mu rimoti, kaja kozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri kolembedwa CR2032. Zikatero gunditsani rimotiyo pa batani lolizira, pondani buleki, dinani. Galimoto zambiri zimalira.

Boneti

Pa Sienta, Vitz, Probox ndi zinzake, boneti imatsegulidwa ndi waya amene mumakoka kunsi kwa chiwongolero, ndiye magetsi safunika. Ikakakamira, mnzanu aitsindike ndi manja awiri inu mukukoka. Chogwirira chikathyoka, kokani wayayo ndi pulayala.

Nkhani imavuta pa galimoto zina zaliwiro zimene alendo amabwera nazo kunyanja. Porsche Boxster ndi Porsche 911 zambiri zili ndi batire kutsogolo, m'chipinda cha katundu, ndipo chivundikiro chake chimatseguka ndi magetsi. Batire likatha, limadzitsekera lokha mkati. Opanga galimotozi anaika njira yake. Mukatsegula chitseko ndi kiyi, pezani bokosi la mafyuzi m'munsi, cha kumapazi kwa okhala kutsogolo. M'menemo muli kachitsulo ka mutu wofiira kosolola. Panani chofiira pamenepo, chakuda pa chitsulo chimene chitseko chimakolapo, kenako dinani batani lotsegulira boneti. Alamu ikhoza kulira, musadzidzimuke. Chenjezo lalikulu ndi ili: kachitsuloko n'kotsegulira boneti basi. Mukayesa kulizira injini pamenepo muotcha mawaya. Boneti ikatseguka, chotsani zopanirazo mukajampe pa batire penipeni.

Amakaniko athu, mlendo akabwera ndi galimoto imene simunaigwirepo, pemphani buku lake muone kaye pamene pali batire. Pa zina lili kubuti, pa zina pansi pa mpando. Pa Toyota Prius zambiri batire la 12V lili kumbuyo, koma malo ojampira ali m'bokosi la mafyuzi ku injini, pansi pa kachivundikiro kofiira. Mawaya a mtundu wa olenji pa galimoto zoterezi amanyamula magetsi opha munthu. Asakhudzidwe.

Kujampa kwake

Yang'anani batire kaye. Ngati latupa, lang'aluka kapena likudontha asidi, lisiyeni, mufune lina. Ndudu ndi moto zikhale kutali, poti batire limatulutsa mpweya woyaka.

Zimitsani nyali, wayilesi ndi fani. Chofiira chipite pa mutu wa batire wolembedwa +, chakuda pa chitsulo chosapentedwa cha injini, chapatali pang'ono ndi batire. Mitu ikakhala ndi zoyera zonga ufa, palani kaye kuti zopanira zilume chitsulo chenicheni. Yatsani kabokosi, lizani galimoto masekondi osapitirira asanu. Ikakana, pumani mphindi imodzi musanayesenso. Mukayesa katatu osalira, vuto lili pena, ndipo kupitiriza n'kungotenthetsa chida. Ikalira, chotsani chakuda, kenako chofiira.

Batire likatheratu, timabokosi tina timakana kutulutsa moto chifukwa sitikulizindikira. Tambiri tili ndi batani lolembedwa BOOST lokakamizira. Musanalidine onetsetsani kawiri kuti simunasemphanitse mawaya, chifukwa pa timabokosi tina batanili limachotsa chitetezo.

Kabokosi ka 12V n'ka galimoto zazing'ono. Malole ambiri amayendera 24V, ndiye ngosiyana. Pogula onaninso kukula kwa injini kumene kalembedwa pa katoni, makamaka ngati yanu ndi ya dizilo, imene imafuna mphamvu zambiri polira.

Kumene kulibe kabokosi, batire la 12V lodzadza bwino, ngakhale lija asodzi a usipa amayatsira nyali zawo, likhoza kupereka moto wotsegulira loko wamagetsi ngati muli ndi mawaya ojampira.

Chifukwa chake mabatire sakhalitsa kuno

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumaumitsa madzi a m'batire, ndipo mabampu amamasula mitu yake. Onjezanipo kutchaja mafoni ndi kuliza nyimbo injini ili chozima. Batire lodzadza limaonetsa 12.6V pa mita. Injini ikamalira liyenera kuonetsa pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Zikachepera, kayezetseni alitaneta, apo ayi mudzajampa m'mawa uliwonse. Ngati batire lanu n'lotsegula, thirani madzi a batire okha, osati a m'nyanja kapena a pamjigo. Lomwe linatheratu likatchajidwe kwa otchaja mabatire, chifukwa ulendo waufupi sulidzadza.

Kabokosiko nakonso kamaopa dzuwa. Musakasiye pa dashibodi kapena m'galimoto yotseka masana, kangatupe ngakhale kuyaka. Musakasungenso kubuti yotseguka ndi magetsi, mungakatsekere pomwe mukukafuna. Yendani nako m'chikwama, ndipo muzikatchaja miyezi itatu iliyonse ngakhale simunakagwiritse ntchito.

Ngati mtengo wake ukukulemerani, sonkheranani pa siteji kapena pagulu lanu la ogula nsomba, mugule kamodzi kosungidwa ndi munthu wodziwika. Ndipo lero lomwe, batire likadali lamoyo, sololani kiyi wa mu rimoti yanu muyese ngati akutsegula chitseko.