Phunziro la Mwezi Uno: Za Mlezi ndi Mwana Wodwala Mphumu

Abale okondedwa a m'midzi ya ku Madisi, ndi inu a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, mwezi uno tilingalire za nthenda ya mphumu, imene isautsa ana athu makamaka usiku ndi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Dokotala aona mwana kanthawi kochepa, koma mlezi akhala naye usana ndi usiku. Chifukwa chake moyo wa mwanayo utsamira kwambiri pa zimene mleziyo adziwa.

1. Mphumu nchiyani? Mpweya ulowa m'mapapo podzera m'tinjira tating'ono tonga bango. Mwa mwana wa mphumu tinjira timeneti titupa, tifinyika ndi kudzala makhololo. Pamenepo mwana atsokomola, m'chifuwa mwake mulira ngati mluzu, ndipo apuma movutika. Nthendayi siipatsirana monga chifuwa chachikulu, ndiponso siichokera kwa mnansi wa kaduka. Bungwe la World Health Organization lidawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu 262 miliyoni anali nayo, ndipo 455,000 adamwalira nayo.

2. Zimene ziiutsa. Izi ndizo utsi wa nkhuni, utsi wa ndudu, fumbi la fodya m'chigafa, utsi wa moto wa m'tchire, chimfine, ndi mphepo yozizira ya mwera. Mayi wophika m'nyumba yopanda zenera atabereka mwana kumbuyo amumwetsa utsi osadziwa. Tsono mlezi ayang'anitse chimene chiutsa chifuwa cha mwana wake, nam'chotse pamenepo.

3. Mankhwala opopera ali a mitundu iwiri. Wina, wotchedwa salbutamol, utsegula tinjira msanga pamene mwana abanika. Wina, monga beclometasone, uchepetsa kutupa pang'onopang'ono, ndipo uyenera kupumidwa masiku onse monga adalamulira dokotala, ngakhale mwana ali kusewera bwino. Ambiri alakwa pano, pakuti aleka mankhwala achiwiriwa poona kuti mwana wachira, ndipo nthenda ibweranso. Ena aopa chopopera, nati mwana adzachizolowera kosatha kuchileka. Mantha amenewa ngachabe.

Mwana wamng'ono sakhoza kukoka mpweya pa nthawi yomweyo imene mupopera, chotero mankhwala atsalira m'kamwa. Ku Cape Town dokotala Heather Zar ndi anzake adaonetsa m'chaka cha 1999 kuti botolo la pulasitiki la 500 ml lithandiza pa vuto ili. Aboola kunsi kwake, nalowetsamo chopopera, ndipo mwana agwira kukamwa kwa botolo ndi milomo. Gwedezani chopopera, poperani kamodzi, mwana apume kasanu, ndipo mubwereze monga adakuuzani kuchipatala. Pemphani namwino akuonetseni, inunso muchite pamaso pake kufikira mutadziwa.

4. Umboni wa m'dziko lathu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, dokotala Sarah Rylance ndi anzake adatenga ana 120 a mphumu a zaka 6 kufikira 15. Theka la iwo adapimidwa mosamala, napatsidwa mankhwala oyenera, ndipo iwo ndi alezi awo adaphunzitsidwa ndi anthu wamba, osati madokotala. Itapita miyezi 3 ana amenewa anali bwino koposa anzawo: ochepa adathamangira nawo kuchipatala, ndipo ochepa adajomba kusukulu. Zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 2021. Taonani, abale, kuphunzira kumeneku sikuli kwa anthu a masukulu apamwamba okha.

5. Zizindikiro zoopsa. Mwana akalephera kutsiriza mawu, akakana kumwa kapena kuyamwa, khungu la pakati pa nthiti likamalowa m'kati popuma, milomo ikasintha mtundu, kapena akalefuka ndi kuodzera, musadikire kuti kuche. Mupopereni salbutamol, mum'khazike tsonga, ndipo mupite naye msanga ku chipatala cha Madisi, cha Mponela, kapena china chili pafupi. Ndiponso mwana akatsokomola kopitirira milungu iwiri, namaonda, akapimidwe chifuwa chachikulu.

Mafunso okambirana pamudzi: Kodi agogo ndi aphunzitsi a mwanayo adziwa kumene chopopera chikhala? Kodi mwapangana ndi yani za njinga yonyamulira mwana usiku? Amene adziwa kuwerenga awerengere anzake phunziro ili, ndipo mayankho muwakonze lero, mwana asanabanike.