Malangizo: Mfuti ya Mpweya ya Sipuling'i Ikafooka

Mfuti ya mpweya ya sipuling'i, monga Diana 34, Weihrauch HW95, BSA Meteor ndi zambiri za Gamo ndi Hatsan, imagwira ntchito ngati pampu ya njinga. Mukathyola mpope potchera, pisitoni imabwerera m'mbuyo n'kufinya sipuling'i. Mukawomba, sipuling'iyo imakankha pisitoni, mpweya umapanikizika m'silinda, n'kutulukira pa kabowo kakang'ono kukakankha chipolopolo. Ndiye mfuti ikafooka, mwina mpweya ukuthawira penapake, apo ayi sipuling'i yatha mphamvu. Yambani ndi zakunja ndi zotsika mtengo. Kumasula mfuti kubwere pomaliza.

1. Onetsetsani kuti mfuti ilibe chipolopolo ndipo si yotchera. Nthawi zonse mukathyola mpope, ugwireni ndi dzanja limodzi osausiya mpaka mutautseka. Trigger, kachitsulo kowombera kaja, ikagundika mpope uli wotsegula, mpopewo umabwerera mwamphamvu moti umaphwanya zala, umapindika, ngakhale kung'amba thabwa la mfuti.

2. Yezani liwiro musanakhudze china chilichonse. Gwiritsani ntchito chronograph, kachipangizo koyezera liwiro la chipolopolo. Ngati mulibe, bwerekani kapena pitani kwa wokonza mfuti. Wombani zipolopolo 10 za m'chitini chimodzi, ndipo lembani nambala zonse. Khutu limanama pa nkhaniyi, chifukwa mfuti yosokosa kwambiri si ndiye yamphamvu. Kuti mudziwe mphamvu m'ma foot-pound, chulukitsani liwiro ndi liwiro lomwelo, m'mafiti pa sekondi, kenako ndi kulemera kwa chipolopolo m'ma grain, n'kugawa ndi 450,240. Chipolopolo cha .177 cholemera ma grain 8.44 chikamathamanga mafiti 790 pa sekondi, mphamvu yake ndi ma foot-pound 11.7. Onaninso kusiyana kwa nambala yaikulu ndi yaing'ono. Mfuti yabwino imasiyanitsa ndi mafiti 10 kapena 15. Ikamadumpha kuposa 30, kawirikawiri vuto lili pa pisitoni kapena muli mafuta ochuluka. Nambala zikakhala zotsika koma zofanana, ganizirani sipuling'i yotopa kapena mpweya wothawira pa mpope.

3. Musayerekeze zomwe mwapeza ndi nambala ya pa bokosi. Mafiti 1,000 kapena 1,200 omwe makampani amalengeza nthawi zambiri amawayeza ndi zipolopolo zopepuka kwambiri, zosakhala za mtovu. Fufuzaninso dziko lomwe mfutiyo idapangidwira msika wake. Ku Britain, mfuti ya mpweya yopitirira ma foot-pound 12 imafuna chiphaso cha mfuti, choncho zambiri za kumeneko zimakonzedwa kuti zisafikepo. Ku Germany malire ndi ma joule 7.5, ndipo mfuti zotere zimakhala ndi chilembo F m'kati mwa chizindikiro cha ngodya zisanu. Mfuti yakaunjika yochokera kumeneko siyofooka ayi, idapangidwa choncho. Kukwera kwa malo nakonso kumadya liwiro, pakuti mfutiyi imapanikiza mpweya womwe yaupeza pamalopo. Ku Lilongwe, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, kapena ku Johannesburg, pafupifupi 1,750, siingafike pomwe imafika m'mphepete mwa nyanja yamchere.

4. Yesani zipolopolo za mtundu wina, mitundu iwiri kapena itatu. Chipolopolo cholowa mosathina chimalola mpweya kudutsa m'mbali, pomwe chothina kwambiri kapena cholemera mopitirira chimachedwa kunyamuka. Tayani zonse zopindika kumatako.

5. Yang'anani kalabala ka pa mpope, kamene amakatcha breech seal. Kameneka ndi kozungulira, kali pomwe mumalowetsera chipolopolo, ndipo kamatseka mpata pakati pa mpope ndi silinda. Apa ndi pomwe mfuti zambiri zothyola zimayambira kufooka, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu akugula sipuling'i yatsopano pomwe vuto linali kalabala kotchipa. Kakhale kotumphukira pang'ono pamwamba pa chitsulo. Ngati kaphwatalala, kang'ambika kapena kauma, kakutaya mpweya. Kuti mutsimikize, tcherani mfuti, ikani chipolopolo, yalani kapepala ka tishu pamwamba pomwe mpope wakumana ndi silinda, chotsani manja pamenepo, ndipo wombani poloza malo otetezeka. Kapepalako kakauluka, mpweya ukuthawa. Zulani kalabala kakale ndi kamtengo kosongoka kapena singano, osakanda chitsulo, pukutani mpatawo, n'kuikamo katsopano ka mtundu wa mfuti yanuyo. Katsopanoko kakamira, ikani pansi pake kachitsulo kapena kapulasitiki kopyapyala, ka mamilimita 0.1 mpaka 0.2. Musakweze mopitirira, chifukwa mpope sudzatsekeka bwino ndipo zipolopolo zidzayamba kugwera pansi pa chandamale. Mukamaliza yezaninso liwiro.

6. Gwedezani mpope uli wotseka. Usamasewere m'mbali kapena m'mwamba. Ngati ukusewera, mangani bawuti yomwe mpope umazungulirapo mpaka mpopewo uleke kusewera, ndipo pakani kagirisi pang'ono pa kachitsulo kotsekera. Mpope wosatsekeka bwino sufinya kalabala, ngakhale katsopano.

7. Pukutani m'kati mwa mpope. Kokani kansalu kouma ndi chingwe cholimba kuchokera polowetsera chipolopolo kupita potulukira, kangapo, mpaka kazituluka koyera. Burashi yachitsulo ndi mankhwala otsukira mfuti zawonga zisalowemo: burashi imakanda mizere ya m'kati, mankhwalawo amadya malabala.

8. Mvetserani mfuti potchera. Ikapepuka mwadzidzidzi kuposa kale, kapena ikamakhwekhwereza ngati muli mchenga, sipuling'i yathyoka kapena yapindika. Chotsani thabwa, muyang'ane pa mpata wa pansi pa silinda. Nthawi zina pothyoka pamaonekera pomwepo. Lekani kuwombera mfuti yotere, chifukwa zidutswa za sipuling'i zimakanda m'kati. Mfuti zina zilibe sipuling'i ya waya koma kabotolo ka gasi, gas ram. Kakatha mphamvu, kambiri kamangofunika kusintha konse. Musakaboole kapena kukawotcha.

9. Musathire oyilo wa galimoto, wa makina osokera kapena WD-40 pa kabowo ka mpweya. Ambiri mfuti ikafooka amathamangira kuchita zimenezi, ndipo poyamba amasangalala poimva ikulira kwambiri ndi kutulutsa utsi. Kumeneko ndi kuyaka kwa mafuta: mpweya ukapanikizika mwadzidzidzi umatentha kwambiri n'kuyatsa oyiloyo, monga zimachitikira mu injini ya dizilo. Liwiro limakwera pa zipolopolo zochepa, kenako kalabala ka pisitoni kamapsa, sipuling'i n'kuthyoka. Mfuti zamakono zokhala ndi kalabala kapulasitiki zimafuna dontho limodzi kapena awiri a mafuta a silicone opangidwira silinda ya mfuti ya mpweya, ndipo mwa apo ndi apo, pakapita zipolopolo 1,000 kapena kuposa. Zakale zokhala ndi chikopa pa pisitoni zimasiyana: chikopa chikauma mphamvu imagwa. Thirani madontho atatu kapena anayi a mafutawo pa kabowo ka mpweya, imikani mfuti usiku wonse mpope utaloza kumwamba kuti chikopa chimwe, ndipo wombani zipolopolo 20 musanayeze.

10. Zonsezi zikakanika, masulani mfuti, koma pokhapokha muli ndi chofinyira sipuling'i, spring compressor. Sipuling'i imakhala yofinyika ngakhale mfuti isanatcheredwe, ndipo mukachotsa mapini akumbuyo popanda chogwirira, chitsulo chakumbuyo chimafwamphuka n'kukuvulazani. Valani magalasi oteteza maso. Jambulani gawo lililonse pa foni musanalichotse. Ngati chipangizochi mulibe, perekani ntchitoyi kwa wokonza mfuti.

11. Sinthani sipuling'i ndi kalabala ka pisitoni pamodzi. Mwamasula kale, ndipo chimodzi chikaonongeka chinzake sichikhala bwino. Gubuduzani sipuling'i yakale pa tebulo, ikamadumpha, yapindika. Tsukani silinda iume, ndipo salazani m'mphepete mwa mipata yake ndi kafayilo kakang'ono, chifukwa m'mphepete mwakuthwa ndi momwe mumadula kalabala katsopano polowetsa. Pakani girisi wa moly mopyapyala m'mbali mwa pisitoni ndi kumapeto kwa sipuling'i. Kutsogolo kwa kalabala kukhale kouma. Girisi wochuluka pa sipuling'i amachepetsa liwiro lomwe mukufunalo. Kabowo ka mpweya musakakulitse ndi dirilo. Mukakakulitsa, pisitoni imayamba kumenya chitsulo, ndipo kubweza n'kovuta.

12. Wombani zipolopolo 200 kapena kuposa musanaweruze ntchito yanu, chifukwa kalabala katsopano kamafuna kukhazikika. Kenako yezani ndi mitundu ingapo ya zipolopolo, osati umodzi wokha. Kumene kuli malire a lamulo, monga ku Britain, sipuling'i yatsopano ikhoza kuipititsa mfuti pamwamba pa malirewo, ndipo mlandu umakhala wa mwini mfuti. Kuyambira pamenepo musaiwombe yopanda chipolopolo, musaisunge yotchera, ndipo sungani nambala za lerolo kuti mudzakhale ndi poyerekezera ikadzayambanso kufooka.